Galimoto Yofiira ya Bambo Daka

1. Kiyi wa shedi

Inali naini koloko m'mawa wa Lachisanu, m'mwezi wa Okutobala, koma dzuwa linali litapsa kale ngati masana. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. Kamphepo kochepa kamene kanalipo kankachokera kumene amasungunulira kopa, katanyamula senta, utsi uja wokanda pakhosi umene ana a ku Mindolo amakula nawo.

Nelia Daka anatsegula shedi ya malata kuseri kwa nyumba yawo. Analowa m'galimoto ya atate ake, nailiza injini, nakhala phee kumvetsera. Mtsikanayu anamaliza giredi thwelofu chaka chathacho, ndipo anali pakhomo kudikira malo ku koleji.

Galimotoyo Mindolo yense ankaidziwa. Inali yofiira psuu, yaifupi ngati yagwada, ya zitseko ziwiri, denga lake lansalu lopindikira kumbuyo. Anaipangira liwiro, koma chibwerere pakhomo pa a Daka sinathamangepo.

Bambo Aleck Daka anagwira ukalaliki ku nyumba yosungiramo katundu wa mgodi kwa zaka zambiri. Pamene migodi inkagulitsidwa, dzina lawo linatuluka pamodzi ndi a anzawo ochotsedwa ntchito. Ena ndalama zotsanzikira anagulira maminibasi, ena zigayo. A Daka anagula galimoto iyi kwa injiniya wina amene ankabwerera kwawo. Anthu anaseka. Anati mkuluyu mutu wasokonezeka, adzanyamuliramo chiyani, makala?

Kusekako kunatha tsiku limene mkwatibwi woyamba anatuluka m'tchalitchi n'kukwera m'menemo, denga litapindidwa, a Daka ali pachiwongolero atamanga tayi. Kuyambira pamenepo mtsikana aliyense wa ku Mindolo, ku Chimwemwe mpaka ku Buchi ankafuna galimoto yofiira pa ukwati wake. Chakudya cha m'nyumba ya a Daka chinkachokera m'shedimo.

Pa maukwatiwo mkuluyu anali ndi mwambo wake. Mkwatibwi asanakwere, ankayala nsalu yoyera pachitseko. Wojambula zithunzi akati akwati atsamire boneti, iwo ankakana mwaulemu. Ndipo Lachisanu lililonse madzulo ankadzitsekera m'shedi okhaokha. Nelia ankangoti ndi kunyada kwa anthu akale.

Sabata imeneyo a Daka anaitanidwa ku maliro a malume awo ku Petauke. Asananyamuke anamuitana Nelia, namuika kiyi m'dzanja.

"Mwana wanga," anatero, "kiyi uyu sindinapatsepo munthu chimwalirireni amayi ako. Ndikukupatsa chifukwa batire ikagona masiku ambiri imafa. M'mawa uliwonse uilize injini, ilire pang'ono, uzimitse, utseke. Ntchito yako yathera pomwepo. Usaitsuke. Usaipukute ngakhale ndi mpango. Usaitulutse padzuwa. Ukaona fumbi, lisiye, si lako. Munthu akabwera kuti aione, umuuze kuti mwini wake kulibe. Ndikudziwa kuti uli ndi mtima wofuna kundithandiza, unatengera amayi ako. Koma thandizo lina limapweteka, makamaka la munthu amene sanafunse. Anzathu ali ndi minda kumudzi. Ife munda wathu uli m'shedi umu. Ndifika Lachisanu madzulo, ndidzaikonza ndekha, Loweruka tikanyamule Felistas pa ukwati wake."

"Chifukwa chiyani ndisaipukute, atate?"

"Chifukwa ndanena," anayankha motero, nanyamula chikwama chawo.

2. Katundu wa ku Joni

Nelia atazimitsa injini anamva mluzu pageti.

"Mwashibukeni, ba maneja! Ndamva kuti mwakwezedwa pantchito, muli ndi makiyi."

Anali Wesley, msuweni wake, akumupatsa moni wa m'mawa mwanthabwala. Mnyamatayu ankakhala ku Kabushi, ku Ndola, ndipo ankayenda pa basi kupita ku Joni kukapikula katundu wogulitsa. Amayi ake, azakhali Juliana, ndi amene ankakhala ndi a Daka chimwalirire mkazi wawo. M'mawa umenewo azakhaliwo anali atapita kale kumsika kumene ankagulitsa kaunjika.

"Amayi ako kulibe," anatero Nelia. "Ngati wabwera kudzadya, wafulumira."

"Ine kudya kwa akazi osadziwa kuphika ndinasiya. Ndabwera kwa iwe. Taona ichi."

Wesley anatsitsa paphewa chinthu chokulungidwa ngati mphasa, nachifunyulula pang'ono. Chinali chipepala cha pulasitiki choonekera ngati madzi, chochindikala, chofewa m'manja.

"N'chokutira mabuku?"

"Awe, iwe. Iyi ndi filimu yoteteza penti. Ku Joni galimoto zothamanga ngati ya amalume sizituluka m'shopu popanda iyi. Amaimata kutsogolo, paboneti. Munthu sangaione n'komwe. Mwala ukauluka umagunda filimu, penti osamva kanthu. Ikakalamba umaimatula, pansi penti ali ngati wa dzulo. Ndinaima tsiku lathunthu kuonerera akumata."

Nelia anayang'ana kutsogolo kwa galimoto. M'munsi mwa boneti munali timabala tambirimbiri ta miyala. Kale mgodi unkakonza misewu ya m'komboni. Eni atsopano anati iwo anagula kopa, sanagule misewu, ndipo phula linali litasanduka miyala ndi maenje. Nelia anali ataonapo atate ake akuwerama pa timabalato, akupukusa mutu.

"Nanga senta?" anafunsa.

"Senta imadya malata, imadya masamba a m'dimba, imadya zifuwa zathu. Pulasitiki idya bwanji?"

"Ndiye ukufuna atate agule?"

"Sindikugulitsa kwa abale. Ndimata ulere. Tamvera, Nelia. Mabwana atsopano a kumgodi abwera ndi magalimoto aakulu, onse atsopano. Ndikapita kwa iwo ndi chipepala m'manja andithamangitsa. Koma mawa pa ukwati galimoto iyi iyenda Kitwe yense. Ine ndidzangoloza, n'kuti onani ntchito yanga. Amalume apindula, ine ndipindula."

"Atate anati ndisaitsuke."

"Sutsuka iwe. Nditsuka ine."

"Anati isatuluke padzuwa."

"Ndimata bwanji mumdima? Ola limodzi basi. Mudala akuopa sopo wa ufa, uja amafwifwitsa penti. Zinthu za masiku ano sazidziwa. Waona momwe amatulukira m'shedi umu Lachisanu, msana utapindika? Ukufuna azitero mpaka liti? Filimu ikakhalapo ndi kungopukuta ndi madzi, basi."

Mawu amenewo ndi amene anamufika Nelia pamtima. Anakumbukira atate ake akutuluka m'shedi thukuta lili kamukamu, akusamba m'manja nthawi yaitali asanabwere kudzadya.

"Tidikire abwere, uwafunse wekha," anatero, koma mawu ake anali atafewa.

"Akafika madzulo, mawa ukwati. Mpata ndi uno. Koma ngati ukuopa, ba maneja, ndipite."

Wesley anayamba kukulunga katundu wake pang'onopang'ono. Nelia anayang'ana kiyi m'dzanja lake. Kenaka anatsegula chitseko chachiwiri cha shedi.

3. Nsanza yofiira

Anaikankhira galimoto pabwalo. Padzuwa inawala mpaka kuthobwa m'maso.

Wesley anatulutsa botolo la sipiriti, botolo lopopera madzi a sopo ndi kamphira kosalazira. Anafotokoza kuti filimu simata pa mafuta kapena pa fumbi, choncho malowo ayenera kuyera kaye. Anathira sipiriti pa nsanza, nayamba kupukuta theka lakutsogolo la boneti.

Nsanzayo inatuluka yofiira.

"Wesley, ima. Penti akuchoka."

"Ndi litsiro la pamwamba chabe. Penti wakale amatero."

Anatembenuza nsanza, napukutanso. Inafiiranso. Anatenga ina, nayonso inafiira. Mumpweya munamveka kafungo kena kosakhala ka sipiriti. Nelia ankakadziwa kafungoko, koma sanathe kukumbukira kumene anakamva.

Pamene panapukutidwapo panayamba kuoneka motuwa. Nelia asanalankhule, Wesley anapoperapo madzi a sopo, ndipo malowo anafiiranso bwinobwino.

"Waona? Mantha ako!"

Anadula filimu, naiyala pa boneti yonyowayo. Nelia anagwira mbali imodzi. Wesley anayendetsa kamphira kuchokera pakati kupita m'mbali, madzi akutuluka. Ntchito ankaidziwa ndithu. Atamaliza anabwerera m'mbuyo, manja ali m'chiuno. Boneti inkaoneka ngati yathiridwa galasi.

"Amalume adzandipatsa iwe ulere, popanda malowolo," anatero. "Isiye igwire. Ndikagule zoziziritsa kukhosi pa kantemba."

Nelia anakhala pa mpando pansi pa mpeyala, akuyang'ana. Mtima wake unali utayamba kukhazikika.

Dzuwa linakwera. Madzi otsala pansi pa filimu anayamba kuuma, ndipo kufiira kuja kunkapita nawo limodzi. Panatuluka mawanga, ena otuwa ngati phulusa, ena ofwifwa ngati chitenje chochapidwa zaka zambiri. M'mbali, mmene sipiriti sanafike bwino, filimu inakana kugwira, niyamba kupindika ngati tsamba louma.

Wesley atabwerera anaika mabotolo pansi osawatsegula.

"Sizinachitikepo izi," anatero.

"Chotsa."

"Mwina ikauma kwenikweni..."

"Wesley, chotsa!"

Anagwira ngodya imodzi nakoka. M'mbali filimu inachoka mosavuta. Pakati, pamene anapukuta kwambiri, inali itagwira zolimba. Anakoka ndi mphamvu. Panamveka kaphokoso ngati kung'ambika kwa pepala, ndipo filimu inabwera ndi penti yemwe.

Pakati pa boneti panatsala bala lalikulu ngati mbale, lotuwa, la mtundu wa simenti. Kuzungulira balalo penti anali wofwifwa, woyera ngati wodwala. Kuseri kwake, kumene sanakhudzeko, galimoto inali yofiirabe psuu ngati kale.

Awiriwo anangoima.

4. Mawu a azakhali

Azakhali Juliana anabwera kudzadya masana, mtolo wa kaunjika uli pamutu. Atalowa pageti anaona galimoto ili pabwalo. Anatula mtolowo pang'onopang'ono. Sanakuwe. Anayenda mpaka pa boneti, nayang'ana balalo nthawi yaitali. Kenaka anatola nsanza imodzi pansi, naipereka kwa Nelia.

"Nunkhiza."

Nelia ananunkhiza. Tsopano anakumbukira. Linali fungo la khonde lawo Loweruka m'mawa.

"Ndi kobra," anatero motsitsa mawu. "Polishi wa pansi."

"Khalani pansi nonse awiri," anatero azakhali.

Anakhala pa sitepe ya khonde. Azakhali anakhala pa mtolo wawo.

"Iwe Nelia, sunadzifunsepo chifukwa chake chitini cha polishi chimatha msanga m'nyumba muno, pomwe khonde ndi laling'ono chonchi? Mvera. Galimoto iyi pamene atate ako ankaigula inali itaima zaka zambiri panja, pafupi ndi mgodi. Senta ndi dzuwa zinali zitadya penti kale. Mwini wake anaipaka zowalitsa tsiku logulitsa, mlongo wanga osadziwa. Mvula yoyamba itagwa, galimoto inatuwa ngati momwe ukuioneramu. Ndalama zopentera panalibe. Ukwati woyamba unali utalonjezedwa kale. Atate ako anakhala pa sitepe pomwe wakhalapo, tsiku lonse osadya.

"Amayi ako Pauline ndi amene anadzuka m'mamawa, natenga chitini cha pakhonde ndi chitenje chawo chakale. Anapaka galimoto yonse, naipukuta mpaka manja anatupa. Atate ako atatuluka anaipeza ikuwala. Kuyambira tsiku limenelo inali ntchito ya amayi ako Lachisanu lililonse. Atamwalira, atate ako anaitenga. Ine ndinapempha kuti ndiziwathandiza, anakana. Nsalu yoyera ija amayala pachitseko si ulemu chabe, ndi kuopa kuti diresi la mkwatibwi lingafiire."

"Bwanji sanandiuze?" anafunsa Nelia.

"Mwamuna amene anali ndi ofesi ndi telefoni auze mwana wake kuti amagwada kupaka galimoto polishi wa pansi? Kumeneko analakwa, ndipo ndinawauza. Mwana ukamuletsa chinthu osamuuza chifukwa, umamusiyira chitseko chotsegula. Koma kulakwa kwawo sikuchotsa kwako. Anakuuza mawu omveka. Iwe unaona kuti mawu a munthu wamkulu ndi opepuka chifukwa sunaone chimene chili pansi pake. Mawu a akulu ambiri ali choncho, mwana wanga. Chifukwa chake chimakhala chobisika, nthawi zina chifukwa ndi chamanyazi, nthawi zina chifukwa ndi chowawa. Ukapanda kuchiona, funsanso, dikira, koma usachite ngati kulibe."

Wesley anakanda kumutu.

"Amayi, filimuyi ilibe mlandu. Ndi yeniyeni. Ndinaona ndi maso anga ku Joni."

"Ilibe mlandu, inde. Unaiona pa magalimoto otani?"

"Atsopano."

"Ndiye kapite nayo kwa eni magalimoto atsopano. Kumeneko mwina ndi yothandiza, ine sindikudziwa. Chinthu chako chimasunga zimene zilipo. Pano panalibe penti woti chisunge. Panali thukuta la anthu awiri, ndipo walipukuta ndi sipiriti."

Wesley anayang'ana pansi.

5. Kwa amake Felistas

Patapita kanthawi Wesley anadzuka, nayendayenda, nabwera ndi nzeru.

"Tamverani. Pofwifwa ponsepa tipakenso polishi, pafiira. Balali lokha ndi limene polishi sangabise. Koma mawa paboneti pamakhala maluwa ndi maliboni. Tiwaike lero lomwe, tinene kuti a kwa mkwatibwi anabwera kudzakongoletsa. Amalume afika atatopa, sachotsa maluwa a eni ake. Ukwati ukatha tidzati maluwa anamatidwa ndi tepi yoipa, yamatula penti. Palibe adzakhumudwe ndi mnzake."

Nelia anayang'ana azakhali ake.

"Usandiyang'ane ine," anatero iwo. "Kiyi anapatsa iwe."

Azakhaliwo anadzuka nalowa m'khitchini.

Nelia anayang'ananso bala la paboneti. Nzeru ya Wesley inali yotheka ndithu. Koma mlandu ukanagwera anthu a kwa Felistas, amene sanakhudze n'komwe galimotoyo.

"Ndithandize kuikankhira mkati," anatero.

"Ndiye maluwa?"

"Kankha, Wesley."

Ataibwezera m'shedi, Wesley anakulunga filimu yotsala. Pageti anaima.

"Uwauze kuti ndine ndinakoka."

"Ndiwauza kuti ndine ndinatsegula chitseko."

Mnyamatayo anapita kukakwera minibasi ya ku Ndola. Nelia anamanga chitenje, nayenda misewu iwiri kupita kwa amake Felistas. Eni ukwati anayenera kudziwa kuti galimoto imene analonjezedwa sinalinso momwe ankaidziwira.

Pakhomopo panali piringupiringu. Azimayi ankasosola nkhuku, ena ankasefa chakumwa cha munkoyo m'migolo, ana a pa mzere wa ukwati ankayeserera kuvina kwawo pafumbi. Nelia anapempha kuonana ndi mwini nyumba pambali. Analowa kuchipinda, ndipo anagwada pafupi ndi chitseko.

"Amayi, ndabwera ndi nkhani yoipa. Atate kulibe. Ine ndalola munthu kugwira galimoto, ndipo paboneti pachoka penti. Pali bala lalikulu. Ngati mukufuna kupeza galimoto ina, nthawi ikadalipo."

Amake Felistas anapukuta manja pa chitenje, namuyang'ana.

"Mwachotsa kobra?"

Nelia anadzidzimuka. Za polishi sanafune kuzitchula n'komwe.

Mayiyo anatseka chitseko, nakhala pabedi.

"Mwana wanga, ukuganiza kuti ife azimayi a ku Mindolo fungo la kobra sitilidziwa? Takulira pa mawondo tikupaka makonde a nyumba za mgodi. Mkulu wake wa Felistas, Leah, anakwera galimoto yomweyo. Diresi lake lili m'sutikesi umo, kumunsi kwake kuli mzere wofiira. Tinachapa, sunachoke. Sitinanene kanthu. Amake Janeth nawonso sananene. Kumpingo tonse timadziwa, ndipo mkwatibwi aliyense timamuuza kuti polowa anyamule diresi m'mwamba."

"Ndiye bwanji mumaifunabe?"

"Chifukwa ndi yokongola. Ndiponso chifukwa cha atate ako. Amuna anga anachotsedwa ntchito tsiku limodzi ndi iwo. Gulu limene lija ndikhoza kukuwerengera. Ena anathera ku mowa. Ena anagulitsa nyumba, ali m'tizisakasa kunja kwa tauni. Ena tinakawasiya ku manda a ku Chingola Road, ndipo amuna anga ali komweko. Sanadwale nthawi yaitali, anangosowa chodzukira m'mawa. Atate ako anapeza chodzukira. Amamanga tayi, amatsegulira ana athu chitseko ngati ana a mafumu. Munthu wotere sumuuza kuti takuona. Umanyamula diresi m'mwamba, n'kukhala chete."

Nelia anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Galimoto ibwere mawa," anapitiriza mayiyo. "Felistas sangakwere ina. Koma ndikupemphe chinthu chimodzi. Zimene ndakuuzazi zithere m'chipinda muno. Atate ako akadziwa kuti Mindolo yense akudziwa, sadzamanganso tayi uja. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Amake Felistas anatsegula katoni imene inali pakona. Munali maluwa oyera a pulasitiki ndi maliboni.

"Tenga awa, ukaphimbe balalo."

Nelia anawayang'ana maluwawo, koma sanatambasule manja.

"Ndidzawatenga mawa m'mawa, amayi. Atate ayambe aona."

Mayiyo anamuyang'ana kanthawi, kenaka anatseka katoni.

"Mawa m'mawa," anatero.

6. Khonde

Dzuwa linali litapendeka pamene Nelia anafika kunyumba. Azakhali anali atabwerera kumsika. Mphepo inali itasintha, ndipo senta sinkamvekanso.

Analowa m'shedi. Kuseri kwa tayala losungira anapeza chimene ankayembekezera, chitini cha polishi chotsala theka, ndi kansalu kopindidwa bwino pamwamba pake. Anakafunyulula. Kanali kofiira ndi kouma ndi polishi wa zaka zambiri, koma pangodya imodzi maluwa a chitenjecho ankaonekabe. Nelia anachikumbukira. Amayi ake ankachivala popita kumsika.

Anakapindanso momwe kanaliri, nakabwezera pamalo pake. Pofwifwa paja sanapake kanthu. Imeneyo sinali ntchito yake, ndipo anali ataphunzira zimenezo mochedwa. Anatola nsanza zofiira zonse ndi chidutswa cha filimu chimene chinali ndi penti, naziika pa benchi poonekera. Zitseko za shedi anazisiya zotsegula.

Anali ndi zinthu ziwiri m'kamwa mwake. China anayenera kuchinena chonse, osasiyako. China anayenera kuchimeza. Atate ake akadzamufunsa kuti amake Felistas anati chiyani atamva, sankadziwa kuti adzayankha bwanji popanda kunama.

Khonde linali lisanapakidwe sabata imeneyo. Nelia anasesa, natenga chitini cha m'nyumba ndi nsanza, nagwada. Anayambira kukhomo, akubwerera cham'mbuyo monga amayi ake anamuphunzitsira.

Atafika pakati anamva minibasi ikuima pamphambano, kondakitala akumenya chitseko. Anakweza mutu. Munthu wamtali anatsika ndi chikwama, atavala jekete ngakhale kunali kotentha, tayi wakuda wa pamaliro ali pakhosi. Anaima kupatsana moni ndi mnansi, kenaka anayamba kuyenda kulunjika kunyumba. Nelia ankadziwa kuti akalowa pageti, maso awo ayamba apita kushedi.

Anapisa m'thumba, natulutsa kiyi, namuika pa sitepe, pamene atate ake sakanatha kumudutsa osamuona. Kenaka anaviika nsanza m'chitini, napitiriza kupaka ngodya imene inatsala.